Anyamata Asanu ndi Awiri Amene Anasowa Ali M'kalasi

Tsiku limene ahedi athu analengeza kuti aphunzitsi tiziyezedwa ndi mmene ana athu akwerera pa chaka, anzanga onse nkhope zinagwa, koma ine ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaseke pamsonkhano. Ndinene poyera, ndimakonda kupambana. Ngakhale pokwera kombi, minibasi ya kuno, m'mawa kwathu ku Chinengundu m'tauni ya Chegutu, wina akandipitirira n'kukhala mpando wakutsogolo, ndimakafika kuntchito nditatupa ngati wandibera kanthu.

Sukulu yathu inali pakomponi, mudzi wa antchito a mgodi wakale, pakati pa Chegutu ndi Kadoma. Ukatsika kombi pamsewu waukulu umayenda wapansi mpaka nsapato zitafiira ndi fumbi. Mgodiwo unatsekedwa kalekale koma anthu anatsala, adzukulu a amuna amene anachokera ku Nyasaland, Achewa, Amang'anja ndi Ayao, tchalitchi uku mzikiti uko. Inenso ndinakulira pakomponi yofanana ndi imeneyo, bambo anga asanasamukire ku Chegutu. Pasukulupo sindinali wa boma. Ndinalembedwa ndi komiti ya makolo, chaka ndi chaka, ndipo otere tinalipo awiri: ine ndi mphunzitsi wina wamwamuna, wamtali, wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Tonse tinkaphunzitsa Giredi 5, iye kalasi yake, ine yanga, khoma limodzi pakati. Komiti inali itanena kale kuti chaka chotsatira idzatsala ndi mmodzi.

Ahedi anali atsopano, Mshona wa ku Mubaira, munthu wabwino koma wokonda matchati. Nzeruyi anakaitola kumsonkhano wina ku Kadoma, ndipo anabwera nayo maso ali gwa ngati munthu amene waona golide m'mphepete mwa msewu.

“Sitifunsanso kuti ana ako akhoza angati,” anatero. “Tifunsa kuti unawapeza pati, ndipo wawasiya pati. Mayeso mu Januwale, mayeso ena mu Novembala. Amene ana ake akwera kwambiri, ndiye mphunzitsi. Zvakanaka, tamvana?”

Anawonjezera kuti pofuna kupewa kukondera, mwini kalasi asamakhale m'chipinda ana akamalemba, ndipo asamakhudze mapepala. Ochonga adzakhala mkulu wina wa ku Kadoma, mphunzitsi wopuma pantchito amene sankadziwa aliyense wa ife. Komiti inavomereza kuti pakati pa ife awiri, wotsala adzakhala amene ana ake akwera kwambiri.

Chimene chinandisangalatsa n'ichi. Mnzanga wa tayiyo anafika pasukulupo ine ndisanabwere, ndiye pogawa ana anayamba ndi iye kusankha. Anatenga onse owala, ana a kalaliki wa kukiliniki, ana a mkulu wa mpingo, tiatsikana tolemba mizere yowongoka. Ine anandisiyira makoko. Kuyambira pamenepo ankadutsa pakhomo la kalasi yanga akuimba mluzu. Tsopano ana ake anali kale kudenga, akwera kupita kuti? Anga anali pansi penipeni, ndipo munthu amene wagona pansi sagwa.

“Achimwene,” ndinamuuza titatuluka pamsonkhano, poti naye anali mwana wa pakomponi ndipo tinkaitanana pachibale, “muyambiretu kuchapa matayi anuwo. Ku Kadoma m'masitolo amafuna anthu ooneka bwino.”

“Achemwali, lindani madzi apite,” anayankha, akukonza tayi yake.

Tsiku la mayeso a Januwale anandithamangitsa m'kalasi mwanga, koma lamulo silinanene kanthu za mawindo. Ndinakaima kuseri, pa mulu wa njerwa, n'kumasuzumira. Maso anga anali pa benchi yakumbuyo, pamene pankakhala anyamata asanu ndi awiri a m'malaini a nyumba za kufupi ndi mzikiti, ana a Ayao. Onse anali okulirapo, obwereza makalasi. Wamkulu mwa iwo anali ndi zaka khumi ndi zinayi, mapewa ngati a munthu wonyamula matumba, ndipo mawondo ake sankalowa pansi pa desiki. Mnyamata ameneyo anatha theka la ola akulemba dzina lake lokha, lilime lili panja, zilembo zina zitayang'ana kumbuyo. Atamaliza anapuma, n'kujambula lole yaikulu pamalo onse otsalawo, matayala khumi ndi awiri. Anzake asanu ndi mmodziwo sanamupose.

Ndinatsika pa njerwapo n'kuvina. Zoona, ndinavina ndekha kuseri kwa kalasi, siketi ili m'manja, chifukwa ana anga sankadziwa kanthu. Ndikamakumbukira ndimachita manyazi, koma tsikulo ndinkamva ngati ndatola chikwama.

Kenako ndinagwira ntchito, ndipo pamenepa musandilande ulemu wanga. Sindinagwirepo ntchito ngati chaka chimenecho. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akamatsegula zibakuli zawo za sadza, nsima ya kuno, ine ndinkatenga anyamata asanu ndi awiriwo kupita nawo pansi pa jakaranda, thumba la maputi, mbuliuli za chimanga, lili m'manja. Wowerenga liwu, maputi odzaza dzanja. Wolephera, ayang'ane anzake akutafuna. Mabuku anali ochepa, ndiye tinkawerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo: matumba a feteleza, mapaketi a shuga, chitsulo chadzimbiri chimene chinatsala pachipata cha mgodi. Ndinazindikiranso kuti ndikawafotokozera m'Chichewa cha kunyumba, osati m'Chingerezi kapena m'Chishona cha m'buku, makutu awo amatseguka. Iwo ankandiyankha m'Chishona, ine n'kumapitiriza m'Chichewa, ndipo tinkamvana bwinobwino.

Wamkulu uja ndiye anandivuta. Sanali wopusa ayi, vuto lake linali manyazi. Akalakwitsa pamaso pa tiana ting'onoting'ono, ankauma thupi lonse, ndipo tsiku limenelo latha. Ndinaphunzira kusamufunsa pagulu. Ndinkamusiyira kapepala pansi pa kope lake, iye n'kudzandinong'oneza yankho potuluka, akuyang'ana kwina ngati tikugulitsana chamba. Popeza ankakonda malole, ndinkamulembera mayina a malo amene malole amapita.

M'mawa wina mu Meyi, ndikutsika kombi, ndinamupeza akundidikira pamsewu waukulu, mtunda wonsewo kuchokera kukomponi. Anandigwira chikwama n'kumandikoka.

“Madamu! Madamu, uyai muone!” anakuwa m'Chishona, kutanthauza kuti bwerani mudzaone.

Anandiimika pansi pa chikwangwani chobiriwira cha pamsewu, chimene anakula akuchiona, n'kuloza.

“Ka-do-ma. Chalembedwa kuti Kadoma, Madamu! Ndipo uku Che-gu-tu. Nthawi yonseyi chimanena zimenezi?”

Ndinakuwa. Ndinakuwa mpaka kondakitala wa kombi ija anatulutsa mutu pawindo kuona ngati ndagundidwa. Tinayenda msewu wafumbiwo tikuseka ngati openga, iye akuwerenga chilichonse, ngakhale mawu a pa chikwama changa. Ndinkamukonda mwana ameneyo, ndipo ndinkakondanso mamakisi amene adzandibweretsera. Ziwirizi zinkakhala mumtima umodzi osakangana, ndipo sindinkadzifunsa kuti chachikulu n'chiti.

Teremu yachiwiri isanathe, anyamata asanu ndi awiriwo anasowa tsiku limodzi. Sindinadabwe, ndinali nditamva ng'oma ndi nyimbo kumalaini a kumzikiti. Inali nyengo ya jando, pamene anyamata a Chiyao amatengedwa kupita kuthengo kukavinidwa ndi kulangizidwa, ndipo za kumeneko mkazi safunsa. Ahedi anaona mabenchi opanda anthu n'kufunsa, ine ndinangoti, “Mwambo, abwera.” Iwo anagwedeza mutu n'kubwerera ku matchati awo.

Anabweradi mu Seputembala, mochedwa ndi sabata imodzi. Analowa m'kalasi mondondozana, mitu yometa, malaya atsopano, akuyenda pang'onopang'ono ngati akuluakulu a mpingo. Palibe amene anathamanga kapena kukankha mnzake. Ndipo aliyense anabwera ndi dzina latsopano.

Ichi ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana. Mnyamata akatuluka ku jando, dzina la ubwana amalisiya komweko. Ngakhale mayi ake enieni salitchulanso. Kumuitana nalo n'kumuvula pagulu, n'kumuuza kuti zonse anapirira kuthengo zija n'zachabe, adakali kamwana. Pakomponi imene ndinakulira, mkulu wanga anaiwala n'kuitana mwana wa aneba ndi dzina lakale, ndipo mayi anga anakapepesa ndi nkhuku yamoyo. Choncho sindinadikire kuuzidwa. Ndinawafunsa mmodzimmodzi mwaulemu, ndinatenga labala, ndinafufuta mayina akale mu rejisita yanga, amene mwamwayi ndinalemba ndi pensulo, n'kulemba atsopano, lililonse ndi “Che” wake patsogolo monga amachitira Ayao. Ambiri mwa ana amenewa analibe n'zikalata zakubadwa zomwe, ndiye dzina la kusukulu linali limene kholo lanena pakamwa.

Ndinayamba kuwaitana kuti “bambo”, poyamba moseka, kenako zinangokhazikika. “Bambo, tatiwerengerani ndime yachiwiri.” Abale, mukanaona! Ankaimirira, kukonza kolala, n'kuwerenga ndi mawu okhuthala. Munthu wamkulu sangalole kuposedwa ndi kamtsikana ka zaka khumi. Wamkulu uja anasiya kunong'ona, anayamba kukweza dzanja, ndipo tsiku lina anakonza mawu amene ine ndinalemba molakwika pabolodi. Kalasi yonse inaseka, ine ndinaseka kuposa onse. Kuseri kwa khoma mluzu wa achimwene unali utazima.

Kukauza ahedi za mayinawo sikunandifikire m'mutu ngakhale kamodzi. Mutu wanga unali wodzaza ndi chipambano.

Mu Novembala ndinakweranso pa njerwa zanga zija. Wamkulu uja analemba dzina lake latsopano kamodzi n'kamodzi, anadzaza tsamba loyamba, anatembenuza, anadzaza lachiwiri, kenako anakweza dzanja kupempha pepala lina. Woyang'anira mayesowo anali achimwene a tayi. Anamupatsa pepalalo, n'kutembenuka kundiyang'ana pawindo. Ndinawabayibitsa.

Loweruka lake ndinakagula nsalu yachikasu ku Chegutu, n'kusoketsa diresi la manja otukumuka loti ndidzavale tsiku la zotsatira. Ndinauza mayi anga, ndinauza telala, ndinauza amayi ogulitsa tomato pakona pathu. Ndinkayeserera pagalasi nkhope yodzichepetsa yoti ndidzaonetse pamene akundiyamikira, koma sinkatheka, mano ankatuluka okha.

“Iwe,” anatero mayi anga akundiyang'ana ndikuzungulira m'diresimo, “mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.”

“Amalondawo akubwerera achimwene a tayi, amayi,” ndinayankha.

Mkulu wochonga uja anafika Lachinayi m'mawa, wamfupi, wa imvi, magalasi atapachikidwa pa chingwe, kompyuta yake atayikulunga m'thaulo kuopa fumbi. Tinakhala anayi mu ofesi: iye, ahedi, achimwene ndi ine, wachikasu ngati dzungu. Anayamba ndi kalasi ya achimwene. Ana akwera, anatero, koma pang'ono. Ndinatsitsa maso, n'kuyamba kukonza nkhope yanga ija.

“Tsopano kalasi yanu, mwanangu,” anatero, n'kuvula magalasi. “Pali vuto. Ana asanu ndi awiri amene analemba mu Januwale, ndipo ndi amene anali pansi pa onse, mu Novembala kulibe. Makinawa awatenga ngati ana amene anasiya sukulu m'manja mwanu. Ndiye pali ena asanu ndi awiri amene alemba mu Novembala, alemba bwino ndithu, koma mu Januwale kunalibe. Amenewo sitingawawerengere, poti sitidziwa anayambira pati. Mukachotsa amenewa, muli pansi pa mnzanuyu.”

Anatsegula rejisita yanga, imene ahedi anamupatsa, n'kuloza mizere isanu ndi iwiri yotuwa ndi labala.

“Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndaona zambiri. Mphunzitsi amathamangitsa ana ofooka, n'kubwereka anzeru ku Giredi 7 kuti amulembere. Sindikunena kuti mwatero. Ndikungofunsa.”

Ndinaphulika kuseka. Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika, ndinaseka mpaka misozi, ahedi akundiyang'ana ngati ndayamba misala. Munthu akundinena wakuba, ine n'kumagwira m'mimba! Nditapeza mpweya ndinafotokoza zonse, za jando, za mayina, kuti ana ake ndi omwewo, sanapite kulikonse, pakali pano ali kuseri kwa khomalo akuchita masamu.

Mkuluyo anamvetsera mwaulemu. Kenako anasolola mapepala awiri n'kuwaika pamodzi patebulo. Lina linali la lole ya matayala khumi ndi awiri, ndi dzina lokwawa ngati nkhuku yapondapo. Linalo linali masamba atatu a zilembo zoima bwino.

“Mukufuna ndikhulupirire kuti dzanja ili ndi ili ndi limodzi?”

Palibe munthu anandiyamikirapo chotero chibadwire.  Ndinamenya patebulo.

“Ndi limodzi, baba! Kusiyanako ndi ineyo! Ndi maputi anga amenewo!”

“Ndiye n'zosavuta,” anatero akuyang'ana wotchi. “Tipite kukalasi. Ndiwerenga mayina a mapepala a Januwale, mwini dzina aimirire, alembe chiganizo pabolodi ine ndikuona. Tithane nazo, kombi yanga ndi ya thuu koloko.”

Ahedi anavomera msanga, iwo za mayinazi ankazimva koyamba. Tikutuluka, achimwene anandigwira pachigongono n'kundikokera pambali.

“Achemwali, aikona, musatero. Mukudziwa kuti sangaimirire. Muuzeni mdalayu abwerenso mawa, tiitane makolo kapena shehe adzachitire umboni muno mu ofesi. Kapena aziwalowetsa mmodzimmodzi, chitseko chitsekedwe. Osati pamaso pa tiana tija.”

Ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona. Koma ndinayang'ana tayi yake, n'kuganiza kuti munthu ameneyu akufuna mkuluyu akwere kombi zotsatira zili momwemo. Komanso, ndisaname, sindinkafuna kupambanira kuseri kwa chitseko. Ndinasoketsa diresi.

“Mwayamba liti kundifunira zabwino, achimwene?” ndinatero, n'kuchotsa dzanja lake.

Titalowa, ana anaimirira n'kupereka moni mokuwa, kenako anakhala. Mkuluyo anavala magalasi, anatenga pepala la lole lija, n'kuwerenga dzina limene linali pamwamba.

M'kalasi munangoti zii. Tiana ta kutsogolo tinatembenuka kuyang'ana kubenchi yakumbuyo, kena n'kubisa kukamwa ndi dzanja. Wamkulu uja anayang'ana desiki. Mkuluyo anabwereza, mokweza. Palibe. Anawerenga lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chiwiri. Anyamata anga anakhala mowongoka, manja ali pamawondo, maso ali pansi, ngati mayinawo ndi a anthu a ku Harare.

Ndinayesa njira ina. Ndinaitana wamkulu uja ndi dzina lake latsopano, ndi “Che” wake. Anaimirira nthawi yomweyo.

“Ndi ameneyu, baba.”

“Dzina limenelo si limene lili papepala ili,” anatero mkuluyo. Anafunsa mnyamatayo m'Chishona, mofatsa, ngati iye ndi mwini dzina lija. Mnyamatayo anangokhala pansi.

Mkuluyo anatseka fayelo. Ahedi anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo ndinaona kuti ayamba kukayika. Apa chimwemwe chonse chija chinasanduka mkwiyo. Ndinadziona ndikubwerera ku Chinengundu wopanda ntchito, ndi mbiri yoti ndinabera mayeso, yoti palibe sukulu ina ingandilandire. Ndinaganiza za nkhomaliro zonse zimene sindinadye. Ndinayang'ana mnyamata amene ndinamuchotsa pojambula malole, atakhala phee, akundisiya ndikumira chifukwa cha dzina.

Ndinamuitana ndi dzina lakale. Sindinalitchule ngati mmene linalembedwera papepala, ndinalitchula mwachidule, mmene ankamuitanira kumalaini ali kamwana kothamanga opanda kabudula, ndipo ndinalitchula mokuwa, ndi mawu amene ndimakalipira nawo ana ochedwa.

“Imirira! Ukundimva?”

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanakwiye. Anangondiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ngati akufuna kutsimikiza kuti mawuwo atuluka mwa ine. Kenako anagwira desiki ndi manja onse awiri, n'kuimirira pang'onopang'ono. Kamnyamata kena kutsogolo kanaseka. Anzake asanu ndi mmodzi aja ataona kuti mkulu wawo waima, nawonso anaima, osadikira kuti ndiwatchule.

Anapita kubolodi. Mkuluyo anamuuza chiganizo, iye analemba, chowongoka, chopanda cholakwika, n'kuika kadontho kumapeto. Anaika choko m'malo mwake n'kubwerera kukakhala. Enawo anachita chimodzimodzi.

Mkuluyo anaomba m'manja. Anandipepesa pamaso pa ana, anati pa zaka zake zonse sanaonepo kukwera kotere. Ku ofesi anafunyulula kompyuta m'thaulo, analumikiza mayinawo awiriawiri, ndipo kalasi yanga inadumpha kuchoka pansi kufika pamwamba pa sukulu yonse, kuposa ngakhale aphunzitsi a boma. Ahedi anandigwira chanza ndi manja awiri, akundiyamikira m'Chishona kuti “Makorokoto, makorokoto,” ndipo anati dzina langa alilemba pa tchati. Achimwene anandigwiranso chanza.

Ndikanakonda kulemba kuti mtima unandiluma nthawi yomweyo, koma ayi. Ndinkauluka. Ndinkamva nthungululu m'mutu mwanga. Pa nthawi yopuma ndinamva tianyamata tosavinidwa tikuimba dzina lakale lija pabwalo, mobwerezabwereza, tikuomba m'manja. Ndinatuluka, ndinatikalipira, tinabalalika, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha. Pobwerera ndinagula nkhuku ku Chegutu, n'kulowa nayo m'Chinengundu nditainyamula m'mwamba kuti amayi a tomato aione. Pofotokozera mayi anga, gawo la dzinalo ndinalidumpha.

M'mawa mwake anabwera asanu ndi mmodzi. Anapereka moni, anachita zonse zimene ndinawauza, koma palibe anakweza dzanja. Nditati, “Bambo, tatiwerengerani,” amene ndinamulozayo anawerenga mwamsanga n'kukhala pansi, osandiyang'ana. Malo a wamkulu uja anali opanda munthu. Ndinadziuza kuti wadwala. Lolemba sanabwere, Lachiwiri sanabwere. Nditafunsa anzakewo, anati, “Hatizivi, Madamu,” sitidziwa, onse pamodzi ngati anapangana.

Tsiku lotsekera sukulu ndinatenga lipoti lake, limene ndinalilemba ndi dzina latsopano, n'kuyenda kupita kumalaini a kumzikiti. Dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinapeza mayi ake akuchapa pakhomo. Atandiona anapukuta manja, anandiyalira mphasa pamthunzi, anagwada n'kundipatsa moni wonse, kufunsa za kunyumba ndi za mayi anga. Ndikanakonda akanandilalatira. Ndinali nditakonzeka kukangana, kufotokoza za makina ndi za komiti, koma ulemu wawowo unandisowetsa poyambira.

Ndinafunsa za mwana wawo, ndikutchula dzina loyenera, mosamala. Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndipo ngati pafunika nkhuku kapena chilichonse, ndibweretsa. Ndinati Giredi 6 ndidzaphunzitsa ndine, ndapempha kale, ndipo palibe mwana amene adzamusekenso.

Mayiwo anayang'ana manja awo.

“Amene munamuitana uja kulibe pakhomo pano, aphunzitsi. Tinamusiya kuthengo mu Ogasiti. Wathuyu ndi munthu wamkulu. Wanena kuti sangakakhalenso pabenchi ndi ana, ndiye wapita ndi amalume ake kumigodi ya ku Battlefields kukakumba golide. Bambo ake anayesa kumuletsa, koma angamukakamize bwanji munthu amene anamuuza okha kuti wakula?”

 Ndinatulutsa lipoti lija n'kuwapatsa, poti ndi chimene ndinali nacho. Analandira ndi manja awiri, analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulipinda bwinobwino.

“Zikomo. Ife pano sitidziwa kuwerenga. Akadzabwera adzatiwerengera yekha, paja munamuphunzitsa.”

Ndinafunafuna chipongwe m'mawu amenewo, ndipo munalibe. Ankandithokoza zenizeni. Ndinalira pamphasa pawo, iwo n'kumanditonthoza.

Ndinaphunzitsa pasukulupo zaka zina zinayi, ndipo mnyamatayo sanabwererenso m'kalasi.